Amayi akukana kugula feteleza, akuti kukubwera chidziko chodzatiwomba

Abiti_wa_ku_Namwera
Abale ndigawireni nzeru, mutu waima. Lachiwiri ndinatumiza ndalama kumudzi kuti amayi agule mbewu ndi thumba la feteleza mvula isanagwe. Dzulo ndikuwaimbira akuti ndalama ija ili chikhalire mu foni, sagula kanthu, kulima chaka chino n'kutaya mphamvu pachabe. Mwana wa aneba anawamvetsera audio ya pa WhatsApp. Bambo wina, wolankhula Chichewa chomveka bwino, akuti kuli chidziko china chachikulu, dzina lake Nibiru, chinabisala kuseri kwa dzuwa ndipo chiwomba dziko lathu chaka chino cha 2024 chisanathe. Akuti azungu akudziwa koma akutibisa. Umboni wake akuti ndi chinyenyezi chowala chija chikumaoneka kumadzulo dzuwa likangolowa, kukwera kwa nyanja, ndi chilala chomwe chatipsereza chimanga.

Amayi anga si munthu wotengeka ndi mphepo iliyonse. Anatilera okha ana asanu ndi khasu. Koma dzulo mawu awo anali a munthu wosagona. Anandifunsa kuti, "Adzukulu anga ubwera nawo liti kuti zikamachitika tidzakhale pamodzi?" Nditadula foni ndinalira. Amene mumadziwa za kuthambo, ndikawauze chiyani?

MasoPatsogolo
Achemwali, musafulumire kuwatsutsa amayiwo. Audio imeneyo inenso ndili nayo, ndi chithunzi chomwe. Pakuoneka dzuwa lalikulu, pambali pake kena kakang'ono kobiriwira. Utsi sufuka popanda moto.

Kabaza_Mpondasi
Zomwezi tinazimva mu 2012. Ankati pa 21 December kutha zonse. Pa 22 ndinadzuka m'mawa, ndinanyamula mayi wina ndi dengu la matemba kuchoka pa buliji kukafika kumsika.

Siginala_wa_Msaka
Achemwali a ku Namwera, pepani ndi nkhawayo. Ine sukulu ndinalekeza Sitandade 7, koma thambo ndimalidziwa chifukwa ndimagona pansi pake. Ntchito yanga ndi kukhala m'bwato la nyali pakati pa nyanja, kudikira usipa usonkhane kuti anzanga aponye ukonde wa chilimira. Munthu ukakhala pamenepo usiku wonse, kuyang'ana kwake n'kuwiri basi: m'madzi ndi kumwamba. Uku kulibe magetsi a m'tauni otchinga maso. Mlalang'amba umaoneka ngati ufa wotayika pamphasa.

Nyenyezi zimene ndinaphunzitsidwa ndi malemu amalume ndili mnyamata ndi zomwezo ndikuonabe. Nsangwe zikutuluka nthawi yake. Akamwiniatsatana ali atatu pamzere wawo. Mwezi nawo sunaphonyepo. Ife timawerenga masiku a mdima chifukwa ndi pomwe pali ndalama, mwezi ukawala kwambiri usipa sulabadira nyali, timakoka bwato kumtunda n'kumasoka maukonde. Chikanakhala kuti kumwambaku kwalowa mlendo wamkulu chotere, oyamba kufuula tikanakhala ife a ku Msaka, ku Malembo, ku Makanjira, osati munthu wa mu audio amene sitikumudziwa ndi dzina lomwe.

Chachilendo chimene ndinaona ndi chimodzi. Pakati pa October 2024 kunaoneka nyenyezi ya mchira kumadzulo, yofuwirira, masiku angapo kenako inazilala. Imeneyo ndikuvomera, ndinaiona ndi maso angawa.

MasoPatsogolo
Achimwene a ku Msaka, akuti chili kuseri kwa dzuwa. Inu mumagwira ntchito usiku. Mungachione bwanji?

Mphunzitsi_wa_Jogalafe
Funso limenelo ndi labwino, a MasoPatsogolo, ndiyambira pomwepo. Dziko lathu silikhala malo amodzi, limazungulira dzuwa kamodzi pachaka. Mbali ya thambo imene dzuwa latitchingira mu November imadzakhala pamwamba pathu usiku mu May. Zili ngati munthu wabisala kuseri kwa mlambe pomwe inu mukuyenda kuzungulira mlambewo. Nkhani yoti Nibiru itiwomba yakhala ikunenedwa kuyambira 1995. Tazungulira mlambe umenewu maulendo pafupifupi 30.

Komanso chinthu chachikulu sichibisika. Pulaneti ya Saturn, dziko lina lozungulira dzuwa ngati lathuli, ili pamtunda wa makilomita oposa 1,200 miliyoni kuchokera kuno, koma timaiona ndi maso popanda makina. Nanga chidziko chimene akuti chatsala milungu yochepa kuti chitipeze? Bwenzi chikuwala kuposa nyenyezi zonse, mwana aliyense akuchiloza.

Tsopano kumene nkhaniyi inachokera. Mu 1976 munthu wina wolemba mabuku, Zecharia Sitchin, analemba kuti anthu akale a ku Mesopotamia, kumene lero kuli Iraq, ankadziwa za pulaneti yotchedwa Nibiru imene imabwera pakatha zaka 3,600. Akatswiri amene amawerenga zolemba zakalezo anamutsutsa. Iwo amati dzinalo lilipodi, koma kawirikawiri linkanena za pulaneti ya Jupiter, yomwe ija tonse timaiona.

Za kuwombanazi anaziyambitsa ndi mayi wina wa ku America, Nancy Lieder, mu 1995. Iye ankati zolengedwa za kudziko lina zinamuika kachipangizo m'mutu ndipo zimamuuza zam'tsogolo. Anati chidzikocho chidutsa mu May 2003, dziko lisiya kuzungulira, nyanja zikhuthukira kumtunda. May 2003 anadutsa. Atafunsidwa anati detilo linali bodza ladala lopusitsira maboma. Anthu ena anatenga nkhani yomweyo n'kuilumikiza ku kalendala ya anthu a mtundu wa Maya a ku Mexico ndi Guatemala, ndiye 21 December 2012 imene akunena a Kabaza. Kenako kunabwera David Meade, anati 23 September 2017. Litadutsa tsikulo anasunthira ku October.

Ndiye audio yafika ku Namwerayi ndi nkhani yakale ija, angoimasulira m'Chichewa n'kuikapo deti latsopano.

Nyenyezi ya mchira imene anaona a Siginala ndi yeniyeni. Dzina lake ndi Tsuchinshan-ATLAS, anaitulukira mu 2023 ndi makina a ku China ndi ena a ku Sutherland ku South Africa, mu Africa momwemuno. Analengeza chaka chathunthu isanaoneke, ndipo pomwe inatiyandikira kwambiri inali pamtunda wa makilomita pafupifupi 70 miliyoni. Palibe anaibisa.

Gogo_wa_ku_Chembe
Ana inu, nyenyezi yamadzulo ija yayamba kuopsa anthu lero? Ife tili atsikana, tikamatsuka mbale kunyanja dzuwa litalowa, agogo ankatilozera n'kumati uyo mkazi wa mwezi. Ankati mwezi uli ndi akazi awiri. Wakumadzulo amaudyetsa bwino, ndiye ukaoneka kwa iye umayamba kunenepa. Wakum'mawa amaumana, ndiye ukafika kwa iye umawonda mpaka kutha. Mwana wanga wa ku Namwera, amayi akowo nthano imeneyi akuidziwa. Kawakumbutse.

Mphunzitsi_wa_Jogalafe
Zikomo agogo. Ndipo akazi awiriwo ndi mmodzi. Nyenyezi yamadzulo ija ndi Nthanda yomweyo ya m'bandakucha, m'mabuku amati Venus. Imakhala miyezi ingapo kumadzulo, n'kusowa, n'kudzatulukira kum'mawa, ulendo wonse umatenga miyezi pafupifupi 19.

Achemwali, lembani izi mukawawerengere amayi. Ipitiriza kuoneka madzulo aliwonse, iziwalirawalira mpaka February 2025, pamenepo anthu ena adzati yayandikira. Chakumapeto kwa March isowa. Mu April idzaoneka m'mamawa kum'mawa. Zikapanda kutero mudzandifunse pagulu pompano.

Siginala_wa_Msaka
Zoona aphunzitsi. Nyengo imene Nthanda ikutuluka m'mamawa ndiyo wotchi yathu. Ikangoti tulukiru timadziwa kuti tikoke komaliza.

WakuJoni_Makanjira
Kuno ku Johannesburg mu 2017 zinavuta kwambiri. Tinali anyamata asanu m'chipinda chimodzi, wina anali ndi mavidiyo a YouTube odzaza foni. Mnzathu mmodzi anasiya ntchito ya m'shopu, anakwera basi kubwerera kumudzi kuti akafere pafupi ndi amayi ake. Ndalama yonse imene anasunga inathera transipoti ndi pa boda. Anadzabweranso patatha chaka, malo ake atalowa wina. Sindimuseka ayi, chifukwa usiku wa pa 22 September inenso sindinagone, ndinaimbira mkazi wanga katatu. Mantha ukakhala kutali ndi kwanu amakula kawiri.

MasoPatsogolo
Chabwino, za madetizo ndamva. Koma tandiuzani. Namondwe Idai 2019. Ana ndi Gombe 2022. Freddy 2023, anthu oposa 1,000 kufa ndi kusowa. Chaka chino cha 2024 chilala mpaka boma kulengeza ngozi m'maboma 23, nthawi yomweyo nyanja ikulowa m'nyumba za anthu. Mvula kulibe koma madzi akukwera. Zimenezi n'zabwinobwino? Chilipo chikukoka madziwa.

Mlonda_wa_pa_Loji
Pa madzipo a MasoPatsogolo sakunama. Pamene ndimagwira ntchito, mchenga wonse umene alendo ankakhalapo unamira. Mu April madzi anafika pakhonde la zipinda zam'mphepete, tinkayenda pa matumba a mchenga. Ndinaona tinsomba tikusambira pamene tinkaikapo matebulo. Anzanga anayi anawaimitsa ntchito. Ine sindikudziwa za Nibiru, koma chaka chino nyanja yatilanga.

Mayi_wa_Usipa
Amenewo ndi a ku Liwonde, akuti anatseka zitseko za baraji ya pa mtsinje wa Shire. Mathandala athu oyanikapo usipa anamira onse.

Mlonda_wa_pa_Loji
Akatsegula kwambiri akalira ndi a ku Chikwawa ndi Nsanje, mayi. Komanso magetsi a ku Nkula amadalira madzi omwewo.

Kabaza_Mpondasi
Ife chimene chikutipha ndi mafuta. Ndagona pa filing'i siteshoni masiku awiri, njinga ili pamzere. Wa chigubu akugulitsa mtengo woti ukauza kasitomala amangotsika n'kuyenda wapansi.

Siginala_wa_Msaka
Ndiye mukadabwa usipa ukadula? Injini imamwa petulo yemweyo. Sabata yatha maboti atatu okha ndi amene analowa pa doko lathu.

Mphunzitsi_wa_Jogalafe
Ndibwerere kwa a MasoPatsogolo, chifukwa funso lawo la chilala ndi madzi lavutitsa anthu ambiri. Nyanjayi simadzadza ndi mvula ya ku Mangochi. Madzi ambiri amachokera kumpoto: Songwe, Rukuru, ndi Ruhuhu wa ku Tanzania. Chaka cha El Niño, pamene madzi a m'nyanja ya Pacific atentha kuposa nthawi zonse, kuno kummwera mvula imachepa koma kumpoto ndi ku Tanzania imagwa yambiri. Madzi onsewo potulukira pake ndi pamodzi, Shire, pa buliji pathu pomwepa. Ndiye munda wa ku Namwera ukhoza kuuma pomwe khonde la loji ku Nkopola likumira. Onjezani madzi a zaka za anamondwe zija amene anali asanaphwe.

Ndipo si koyamba. Cha m'ma 1980 nyanja inakwera kwambiri. Kale, kuyambira cha m'ma 1915 mpaka m'ma 1930, inatsika mpaka Shire anasiya kutuluka m'nyanja. Anamondwe nawo amabadwira m'nyanja ya Indian, madzi akatentha amapeza mphamvu. Nkhawa ya kusintha kwa nyengo ndi yoona ndipo tiyenera kuikamba. Koma gwero lake lili pansi pano.

Gogo_wa_ku_Chembe
Za 1980 ndikuzikumbuka. Mtengo umene tinkamangirira bwato unali m'madzi mpaka m'chiuno.

Admin_Gulu
Abale, za mafuta ndi baraji titsegulira pake. Pano tithandize mlongo wathu, mvula ili pafupi.

Wa_pa_Mzikiti_Chimwala
Assalamu alaikum nonse. Abiti, sindikudziwa ngati amayi ndi Msilamu kapena Mkhristu, koma ndinene mbali yathu. Kiyama tonse timakhulupirira kuti idzafika. Koma Qur'an, mu Surah Al-A'raf ndime 187, imanena poyera kuti kudziwa kwa nthawiyo kuli kwa Allah yekha. Mtumiki, mtendere ukhale pa iye, sanapatsidwe deti. Ndiye munthu wa mu audio walitenga kuti? Komanso tinaphunzitsidwa kuti ngakhale Kiyama itakupeza uli ndi mbande m'manja, ngati ungathe kuibzala, ibzale. Kusiya munda si kuopa Mulungu.

China, ife mwezi timauyang'anira mwezi ndi mwezi. Ramadan, Eid, zonse timadikira kuuona. Aphunzitsi anditsutse ngati ndalakwa, koma chinthu chachikulu chitayandikira, mwezi sukanasokonekera kayendedwe?

Mphunzitsi_wa_Jogalafe
Wa alaikum salaam, simunalakwe. Chinthu chilichonse cholemera chimakoka chinzake. Ndi mmene anapezera pulaneti ya Neptune mu 1846: anaona kuti pulaneti ya Uranus ikupatuka pang'ono panjira yake, anawerengetsa masamu, n'kuloza makina pamalo pomwe masamuwo ananena, n'kuipeza. Ngati anthu a nthawi imeneyo anagwira pulaneti ya kutali choncho ndi pensulo, ya pakhomo ingawazembe lero? Mukukumbuka kadamsana wa pa 21 June 2001, ku Lusaka kunada masana, kuno dzuwa linangotsala kachidutswa? Ananeneratu tsiku ndi ola zaka zambiri zisanachitike. Mwezi ukanakhala ukukokedwa ndi mlendo, masamu amenewo bwenzi akuphonya.

Mkulu_wa_Mpingo_Nkope
Ndikugwirizana ndi achimwene anga a ku Chimwala. Mateyu 24 ndime 36 imanena zomwezo, tsikulo ndi nthawi yake palibe adziwa, angakhale angelo, koma Atate okha. Chimene chimandiopsa ine si pulaneti. Ndi zimene anthu amachita akakhulupirira deti. Mu March 2000 ku Kanungu ku Uganda, anthu a gulu lina lachipembedzo anauzidwa kuti dziko likutha, anagulitsa katundu n'kupereka kwa atsogoleri. Tsiku litadutsa ena anayamba kufunsa katundu wawo. Mapeto ake anthu oposa 700 anafa, ambiri anatenthedwa m'tchalitchi. Mu 1997 ku America anthu 39 anadzipha chifukwa cha nyenyezi ya mchira ya Hale-Bopp. Za ku Shakahola ku Kenya mu 2023 tonse tinamva, mitembo yoposa 400.

Abiti, funsani bwino ngati pali wina amene wayamba kuwauza amayi kuti apereke mbuzi kapena ndalama kuti awapempherere. Nkhani zoterezi sizimayenda zokha.

Mayi_wa_Usipa
A Mkulu a Mpingo mwandikhudza pachilonda. Mu 2017 mlamu wanga anatengeka ndi munthu wina amene ankapempheretsa anthu kuphiri. Tinali limodzi m'banki nkhonde. Anatenga ngongole, anagulitsa firiji imene ankasungiramo chambo cha oda, zonse anakapereka, akuti chuma cha pansi pano chatha ntchito. September anadutsa. Munthu uja anasamuka usiku. Tsiku logawana ndalama mu December, amayi a gulu anapita kukatenga malata a nyumba yake. Ndinaimirira pabwalo ndikuona ana ake atakhala pa mtolo wa zovala, kumwamba mitambo ya mvula itachita bii. Ndinawatenga ine, anakhala kwanga miyezi isanu. Mpaka lero mlamu wangayo akamva mawu oti Nibiru amangodzuka n'kuchokapo.

Amene mumatumiza ma audio amenewa m'magulu, dziwani kuti amakafika kwa anthu.

Nesi_wa_Usiku
Ndiwonjezere za thanzi. Munthu wamkulu akakhala masiku osagona, osadya bwino, BP imakwera. Ngati amayi amamwa mankhwala a BP kapena a shuga, funsani ngati akumwabe, chifukwa ena akataya mtima amasiya. Ndipo musawakalipire kapena kuwauza kuti ndi zaumbuli. Akangomva kuti mukuwaona ngati mwana, atseka pakamwa koma mantha atsala m'kati. Ana asukulu nawonso tiziwafunsa. Mwana wa mchemwali wanga wa zaka 9 anayamba kukodza pogona, tinadzazindikira mochedwa kuti anamva audio yomweyi pa foni ya bambo ake.

MasoPatsogolo
Ine sindikufuna kuti wina avutike, ndinatumiza kwa abale anga chifukwa chowakonda. Koma zinthu ziwiri sizinayankhidwe. Chithunzi cha madzuwa awiri chija. Ndiponso ndinawerenga kuti asayansi a ku America eni ake akufunafuna pulaneti yachisanu ndi chinayi. Ndiye ikakhala yawo ndi sayansi, ikakhala ya mu audio ndi bodza?

Wokonza_Mafoni_pa_Boma
Chithunzicho ndiyankhe ine, makamera ndimatsegula tsiku ndi tsiku. Kamera ya foni ili ndi timagalasi tingapo tosanjikizana. Kuwala kwamphamvu kukalowa kumanjanja pakati pa timagalasito n'kupanga kadontho, kawirikawiri kobiriwira. Yesani madzulo ano, aise. Lozani kamera pa babu kapena nyali ya njinga yamoto, muona kadontho. Sunthani foni pang'ono, kadonthoko kasuntha, babu ili pomwepo. Chinthu cha kumwamba sichingasunthe chifukwa dzanja lanu lagwedera. Koma dzuwa musaliyang'ane ndi maso pofuna kutsimikiza, mungapweteke maso.

Mphunzitsi_wa_Jogalafe
Za pulaneti yachisanu ndi chinayi mwawerenga zoona. Mu January 2016 akatswiri awiri a ku yunivesite ya Caltech ku America, Konstantin Batygin ndi Michael Brown, anati kayendedwe ka timiyala tina ta kutali kupitirira Neptune kakusonyeza ngati pali chinthu chachikulu chimene chikutikoka. Mpaka pano palibe waiona, ndipo akatswiri ena akutsutsa. Kusiyana kwake ndi uku. Iwo analemba masamu awo poyera kuti aliyense awafufuze. Ndipo ngati ilipo, ili kutali maulendo mazanamazana kuposa mtunda wa pakati pa ife ndi dzuwa, womwe ndi makilomita 150 miliyoni. Imazungulira dzuwa konko, ulendo umodzi zaka masauzande ambiri. Sibwera kuno.

Bungwe la za kuthambo la ku America, NASA, linatumizanso kumwamba makina otchedwa WISE mu 2009, oona kutentha kwa zinthu ngakhale zosawala. Anajambula thambo lonse. Mu 2014 analengeza kuti palibe chinthu chachikulu ngati Saturn mpaka mtunda wa maulendo 10,000 kuposa wa pakati pa ife ndi dzuwa. Ndipo si America yokha ili ndi makina. China, India, Russia, Japan, Chile, South Africa, kuphatikiza anthu wamba masauzande amene amagula makina awo n'kumayang'ana kumwamba kuseri kwa nyumba. Maiko amene sagwirizana pa chilichonse angagwirizane kubisa chinthu chimene aliyense angachione atangokweza mutu?

Chimene chilipodi ndi miyala. Pa 15 February 2013 mwala wa mamita pafupifupi 20 unaphulika mumlengalenga pamwamba pa Chelyabinsk ku Russia, anthu pafupifupi 1,500 anavulala, ambiri ndi magalasi a mawindo. Pali wina wotchedwa Apophis, wa mamita oposa 300, udzadutsa pa 13 April 2029 pamtunda wa makilomita pafupifupi 32,000. Anauyeza bwinobwino, sutigunda. Ndikukuuziranitu lero chifukwa chaka chimenecho ma audio adzachuluka. Ndipo mu September 2022 anawombetsa dala chombo chotchedwa DART pa mwala wina, Dimorphos, kuyesa ngati angaupatutse, ndipo njira yake inasinthadi. Zoopsa zenizeni amazilengeza ndi deti ndi mtunda womwe.

MasoPatsogolo
Ndayesa pa babu la pakhonde. Kadontho kobiriwira kaonekadi, ndipo kakuyenda ndikasuntha foni. Chithunzi chija ndachotsa, ndauzanso gulu la kubanja kwathu kuti asachitumizenso. Koma kunena zoona mtima wanga sunakhazikike pa za nyengozi. Zaka zisanu anamondwe anayi. Aphunzitsi, tsiku lina mudzatifotokozere bwino zimenezo.

Mphunzitsi_wa_Jogalafe
Ndidzatero, achimwene. Inenso zimandidetsa nkhawa.

Abiti_wa_ku_Namwera
Zikomo nonse, ndawerenga kawiri. Pafoni sizitheka. Ndapempha tchuthi, Loweruka ndikwera galimoto ya ku Chiponde.

Siginala_wa_Msaka
Mukafika musayambe ndi za NASA. Dikirani dzuwa lilowe, mutuluke nawo panja, muwafunse iwowo kuti nyenyezi imene ija ankaitchula chiyani ali mtsikana. Akuluakulu amakhulupirira zimene akudziwa kale.

Abiti_wa_ku_Namwera
Ndabwerako, ndiye ndikuuzeni mmene zinayendera. Ndinawapeza ataonda, munda atalima theka n'kuusiya. A Nesi munalondola, mankhwala a BP anali atasiya sabata yathunthu. A Mkulu a Mpingo nanunso: panali munthu amene anabwera kawiri kudzafunsa za mbuzi yaikazi ija, akuti ikhale ya nsembe. Mwamwayi anali asanapereke. Amalume apita kukadziwitsa amfumu.

Madzulo tinakhala pa chulu cha kuseri kwa nyumba, pamene pamaoneka chigwa chonse cha kunyanja. Ndinaitananso amalume, achimwene awo aakulu. Dzuwa litalowa nyenyezi ija inatuluka, yowala zedi. Amayi anandigwira dzanja mwamphamvu. Ndinachita monga ananenera a Siginala. Asanayankhe, amalume anaseka n'kunena m'Chiyao kuti imeneyo ndi ija mayi awo ankawalozera pobwera kumunda, ija yoyenda ndi mwezi ukakhala mwana. Amayi anakhala chete nthawi yaitali. Kenako anati, "Koma kale sinkawala chonchi." Amalume anati, "Inkawala, iwe unali ndi zochita zambiri." Ndinawawerengera zimene analemba aphunzitsi, za February ndi March ndi April. Anandiuza kuti ndilembe papepala ndi zilembo zikuluzikulu, alisunga m'chikwama cha makadi a kuchipatala.

Sindinganene kuti mantha atheratu. Usiku ndinawamva akudzuka kawiri kukasuzumira panja. Koma Lamlungu m'mawa anatenga khasu, tinamaliza mizere isanu ndi iwiri limodzi, ndipo mankhwala ayambiranso. Mbewu tagula. Feteleza ndiye wakwera, ndalama ija sinakwanenso thumba lathunthu, tagawana ndi aneba theka theka.

Mwana uja anawamvetsera audio ndinacheza naye. Ali Fomu 2, nayenso amaopa, anali atasiya kuwerenga. Ndamulonjeza kuti ndimutumizira zimene mwalemba pano.

Gogo_wa_ku_Chembe
Wachita bwino mwana wanga. Uwapatse moni amayi akowo, uwauze kuti kuno ku Chembe nafenso tikuiona madzulo aliwonse, ili pamwamba pa chilumba cha Thumbi.

Mayi_wa_Usipa
Abiti, theka la thumbalo asathire lonse pobzala. Asakanize ndi manyowa a mbuzi zomwezo, lina asunge lobereketsa. Ndikapita ku Namwera Lachisanu ndi usipa ndidzawadutsira, munditumizire kumbali dzina la mudzi.